Mayina Amene Anatsala Kum'mwera kwa Nyanja

Munthu wa ku Chowe akadzuka m'mamawa n'kunena kuti akutsikira ku boma, palibe amene amamufunsa kuti boma lake liti. Aliyense amadziwa kuti atsika zitunda zija, awoloka mlatho wa pa Shire, n'kukafika ku Mangochi, kumene kuli chipatala chachikulu, msika ndi ofesi ya DC. Madzulo munthu yemweyo akhoza kudandaula kuti boma lachedwetsa feteleza, ndipo apa sakunenanso malo, akunena olamula dziko. Liwu limodzi lasenza zinthu ziwiri, ndipo pa ziwirizo palibe chimene linkatanthauza poyamba.

Pali nkhani imene yafala kwambiri, moti ena amaiphunzitsa ana ndi mtima wonse, yakuti BOMA ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti British Overseas Military Administration. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma si yoona. Liwuli ndi la Chiswahili ndipo linalipo Angerezi asanayambe kulamula kuno. Boma unali mpanda wa mitengo kapena wa minga umene apaulendo ankamanga pogona kuti zilombo ndi adani asawalowerere, ndiponso mpanda wotchingira ziweto. Henry Morton Stanley analitchula kambirimbiri m'mabuku a maulendo ake a m'ma 1870. Ajeremani nawo, amene sakanafuna chidule cha Chingerezi, malo awo olamulirako ku Tanganyika ankawatcha boma. Choncho pamene Mngerezi Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston m'mbali mwa Shire mu 1891, moyang'anizana ndi mudzi wa mfumu Mponda, dzina la malo oterowo linali kale pakamwa pa anthu. Mpanda unapereka dzina kwa okhala m'kati mwake, okhalamowo anapereka dzina ku ulamuliro wonse. Mu 1897 Fort Johnston inasamukira tsidya la kumadzulo, pamene pali tawuni lero, ndipo liwu lija linasamuka nayo.

Ndikamaganiza za mayina a kwathu kuno, anthu amene amandithandiza kuona bwino ndi a kutali kwambiri, a ku Etruria, dera la pakati pa dziko la Italy. Anthu amenewa anatukuka kuyambira cha m'ma 800 BC, Roma akadali timidzi ta pa zitunda. Anali ndi mizinda 12 yogwirizana, monga Veii, Tarquinia, Caere, Vulci ndi Clusium, uliwonse ndi olamula ake. Aroma ankavomereza okha kuti anatengera zambiri kwa anthuwa. Banja la mafumu otchedwa Tarquinius, limene womaliza wake anathamangitsidwa ku Roma mu 509 BC, linali lochokera ku Etruria. Mlembi wachiroma Varro ananena kuti ngakhale mwambo woyambitsira mzinda unali wa Aetruria: ankamanga ng'ombe yamphongo ndi yaikazi pa pulawo n'kulima mzere wozungulira malo onse, ndipo mzerewo ndi umene unkasonyeza podzadutsa linga. Kumeneko nako mzinda unkayambira pa mpanda.

Kenako Roma anakula mphamvu. Analanda Veii mu 396 BC, mizinda ina inagwa umodziumodzi, ndipo pofika nthawi ya Yesu chinenero cha Aetruria chinali chikuzirala. Mfumu ya Roma, Claudius, inalemba mabuku 20 a mbiri yawo, onse anatayika. Chatsala ndi zolembedwa pafupifupi 13,000, zambiri zazifupi za pa manda ndi pa ziwiya. Zilembo zake zimawerengeka bwinobwino, koma mawu amene tanthauzo lake likudziwika ndi mazana ochepa chabe, chifukwa chinenerocho sichinali pachibale ndi Chilatini kapena Chigiriki.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yawo ndi ichi. Anthuwa ankadzitcha Rasna kapena Rasenna, koma dzina limeneli silinatchuke pa mapu a Italy. Aroma ankawatcha Tusci, ndipo kuchokera pamenepo pali chigawo cha Toscana, kumene kuli mzinda wa Firenze. Agiriki ankawatcha Tyrrhenoi, ndipo nyanja ya kumadzulo kwa Italy mpaka lero ndi Tirreno. Dzina limene limatsala kawirikawiri ndi limene anakupatsa mnansi wako, kapena mlendo amene anafika ali ndi cholembera m'manja.

Nyanja yathuyi inaona zomwezo. David Livingstone atafika kumene Shire amatulukira mu September 1859, dzina limene linakhazikika m'mabuku ake ndi Nyassa. Nyasa ndi liwu la Chiyao lotanthauza madzi ambiri, chimodzimodzi nyanja m'Chichewa. Ndiye kuti amene ankati Lake Nyasa ankangonena kuti nyanja kawiri. Tsinde la liwuli ndi lakale kwambiri m'zinenero za Chibantu, n'chifukwa chake ku Kenya kuli dera lotchedwa Nyanza m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Liwu wamba lomweli linakhala dzina la dziko la Nyasaland mu 1907, linakhala dzina la chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo ku Zimbabwe ndi ku South Africa makolo athu amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ankatchedwa Manyasa, kaya anali Atonga, Alomwe kapena Angoni. Pang'ono kum'mwera kwa boma, nyanja ya Malombe inalowa m'mabuku a Livingstone ngati Pamalombe. Mlendo anamva anthu akuti "pa Malombe" n'kuyesa kuti kaliwu kosonyeza malo kali m'gulu la dzinalo.

Livingstone sanali mlendo woyamba kulemba za madzi amenewa. Mu 1616, zaka 243 iye asanafike, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro anayenda pansi kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo anachezera mfumu Muzura ya Amaravi. Nkhani ya ulendo wake imatchula nyanja yaikulu yotchedwa Manganja, yooneka ngati nyanja ya mchere, imene mukutuluka mtsinje wokathira mu Zambezi kumunsi kwa Sena, kumene anthu ankautcha Chiry. Mayina awiriwo tikuwazindikira: Mang'anja ndi Shire. Ali ndi zaka pafupifupi 400 ali pa pepala, ndipo pakamwa pa anthu anakhalapo kale kuposa apo.

Tsono dzina lakuti Malawi. Apwitikizi ankalemba kuti Maravi, ndipo mapu a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1700 ankasonyeza nyanja ya Maravi m'kati mwa Africa. Kusiyanaku n'kosavuta kukumvetsa. M'Chichewa l ndi r amasinthana popanda kusokoneza tanthauzo, ndipo w wa m'dzinali ndi uja wofewa amene kale tinkamuveka kachipewa, Malaŵi, amene khutu la Mpwitikizi linamumva ngati v. Lawi ndi lilime la moto, malawi ndi ambiri. Pa chifukwa chimene anthu ndi dziko anatchedwera malawi, akuluakulu amafotokoza mosiyana. Ena amati ndi dzuwa likamatuluka n'kunyezimira pa madzi. Ena amati ndi moto umene a fuko la Phiri anabwera nawo, pakuti m'nthano za Achewa moto ndi ufumu zimayendera limodzi. Enanso amati ndi kuwala kwa ng'anjo zosungunulira chitsulo zimene zinkayaka usiku wonse.

Ine mtima wanga umatsamira ku ng'anjo, chifukwa chitsulo ndicho chinkamveketsa Amaravi kutali. António Gamitto, amene anadutsa m'dziko lawo mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe, anafotokoza za luso lawo losungunula chitsulo ndi kusula makasu. Khasu linali chuma, linkagula mchere ndi nsalu, linkalipira mlandu. Ntchito yake inali yolemetsa: kukumba miyala ya chitsulo, kuotcha makala ambirimbiri, kuumba ng'anjo ya dothi, kuyang'anira moto mpaka mbandakucha, kenako kupita nacho kwa wosula ndi mvukuto wake wa chikopa. Mlendo woyenda usiku m'dziko lotero akanaona moto patali asanaone munthu. Ndipo ku Etruria kuli dzina lofanana nalo modabwitsa. Chuma cha Aetruria chinkachokera kwambiri ku chitsulo cha pa chilumba cha Elba, chimene ankakachisungunulira ku mzinda wa Populonia. Zotsalira za m'ng'anjo zinaunjikana kumeneko mpaka kukwirira manda akale, moti anadzawafukula m'zaka za m'ma 1900 pamene makampani ankatenga zotsalirazo kukazisungunulanso. Agiriki oyenda panyanja chilumbacho ankachitcha Aithalia, kutanthauza cha mwaye. Oona utsi masana anatcha malo dzina la mwaye, ndipo n'zomveka kuti oona kuwala usiku angatche dziko dzina la malawi.

Likulu la ufumu wa Maravi linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, chakumadzulo kwa mwendo wina wa nyanja yomweyi. Katswiri wathu wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa bwinja limeneli n'kupeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, zidutswa za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi za chitsulo, ndi zidutswa zambiri za minyanga ya njovu. Mudziwo unalipo kale m'zaka za m'ma 1400. Mfumu yake inkatchedwa Kalonga, ndipo ambiri amalumikiza dzinali ndi kulonga, monga timanenera kuti kulonga ufumu. Kalonga anali wolonga mafumu ena. Dzina la udindowu likutiuza mmene ufumuwo unkafalikira: potumiza abale kukakhala madera atsopano, monga Undi amene analowera kumadzulo. Mmenemo ndi mmene chinenero chimodzi chinafikira ku Tete, ku Chipata ndi ku gombe la kum'mawa kwa nyanja.

Koma Amaravi nawo anapeza anthu. Pa njira yochokera ku boma kupita ku Monkey Bay pali Nkope. M'zaka za m'ma 1960 Keith Robinson anakumba m'mbali mwa nyanja pamenepo n'kupeza mapale a mbiya ndi mbale za mtundu wina, za milomo yokhuthala, zokongoletsedwa ndi mizere yojambulidwa dothi lisanaume ndi timadontho todindidwa mondondozana. Eni ake ankadziwa chitsulo, ankalima ndi kupha nsomba, ndipo anali pamenepo kuyambira cha m'ma 300 kapena 400 AD, zaka pafupifupi 1,000 Mankhamba asanatchuke. Ukagwira phale lotere umaona pamene chala cha woumba chinadutsa posalaza mlomo. Dzina limene anthuwo ankadzitcha linapita nawo, choncho akatswiri anangowapatsa dzina la malo. Lero m'mabuku a mbiri ya kum'mwera kwa Africa muli mbiya za mtundu wa Nkope ngakhale zitapezeka kum'mawa kwa Zambia kapena ku Mozambique. Mbiya za nthawi ya Amaravi zinatengera dzina kaphiri ka Mawudzu ka m'dera lomweli. Ku Italy anachita chimodzimodzi: makolo a Aetruria amatchedwa ndi dzina la Villanova, mudzi wa pafupi ndi Bologna kumene manda awo anapezeka mu 1853.

Kumbuyo kwa onsewa kuli alenje aja amene anajambula zofiira m'mapanga a ku Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Timawatcha Akafula kapena Abatwa, ndiponso Amwandionerapati, kuchokera ku funso limene akuti ankafunsa munthu akakumana naye pofuna kudziwa ngati wawaonera patali kapena pafupi. Dzina limeneli ndi chiganizo chathunthu cha Chichewa, kusonyeza kuti analipeka ndi olankhula Chichewa, ndipo muli kuseka msinkhu wa anthuwo. Amene anayamba kukhala m'dziko muno tikuwakumbukira ndi dzina lowanyodola, ndipo ndi bwino kuti polinena tizidziwa zimenezo.

Mayina ambiri a kum'mawa kwa Shire, kumene kuli Chowe, anabwera ndi Ayao m'zaka za m'ma 1800, ndipo apa nkhani imakoma chifukwa Ayao ankadzitcha ndi mayina a mapiri. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican amene buku lake la Chiikala cha Wayao linasindikizidwa mu 1919, anafotokoza kuti dzina la mtundu wonse linachokera ku phiri la Yao ku Niassa, phiri la udzu lopanda mitengo. Atabalalika kuchoka kumeneko, gulu lililonse linatenga dzina la phiri limene linakakhalako. Amasaninga, gulu la Makanjira, anatengera phiri la Lisaninga. Amachinga, gulu la Mponda ndi Jalasi, anatengera lichinga, mtandadza wa mapiri. M'Chiyao li- amasonyeza chinthu chimodzi ndipo ma- amasonyeza zambiri. Ndiye kuti mzinda wa Lichinga ku Mozambique ndi boma la Machinga kuno ndi liwu limodzi, uko limodzi kuno ambiri, malire a mayiko atadutsa pakati. Amangochi nawo anatengera phiri la Mangochi, la kufupi ndi Namwera.

Ulendo wa dzina lakuti Mangochi ndi wotsatika bwino. Linayamba ndi phiri, n'kupita pa anthu okhala mozungulira phirilo. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Amachinga anawakankhira Amangochi kum'mwera, cha ku Chiradzulu, Blantyre ndi Mulanje, anthu n'kupita dzina n'kutsala. Jalasi, amene Angerezi ankamulemba kuti Zarafi, anamanga mudzi wake wolimba pa phiripo mpaka anagonjetsedwa mu 1895, ndipo pamalopo anamangapo Fort Mangochi, imene makoma ake a miyala akadalipo. Ufulu utabwera, dzina la Johnston linachotsedwa pa tawuni ya m'mbali mwa Shire, ndipo dzina la phiri linatsika kudzakhala m'chigwa. Tsidya linalo zinachitikanso chimodzimodzi pamene Vila Cabral inasanduka Lichinga Mozambique atalandira ufulu mu 1975.

Pali kanthu kakang'ono m'kalankhulidwe kathu kamene kamasunga mbiri popanda ife kuzindikira, kusiyana kwa kwa ndi ku. Timati kwa tikamanena za munthu, ku tikamanena za malo. Akuluakulu amati kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Katuli, kwa Nankumba, kwa Chowe, chifukwa awa ndi mafumu, ndipo dera ndi la mwini dzina. Koma mverani kondakitala wa minibasi kapena wolengeza pa wailesi: ku Makanjira, ku Chowe. Kwa akasanduka ku, munthu wasanduka malo, ndipo mwana wobadwa mawa akhoza kukula osadziwa kuti dzina la kwawo lili ndi mbumba yake, manda ake ndi mzere wa amene analowa ufumuwo. Sindikudandaula kuti chinenero chikusintha, chimasintha nthawi zonse. Ndikungofuna kuti tizimva kusinthako pamene kukuchitika.

Midzi ikuluikulu ya mafumu a Chiyao inkayang'ana ku gombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, monga mizinda ya Etruria inkayang'anira kwa Agiriki ndi Afoinike. Likulu la mfumu Mataka ku Niassa, limene Livingstone anafikako mu 1866, linkatchedwa Mwembe, liwu la Chiswahili lotanthauza mtengo wa mango, chifukwa mfumuyo inabzala mango pofuna kuti kwawo kufanane ndi kugombe. Njira yomweyo inabweretsa mzikiti, shehe, sadaka ndi bwana. Liwu lakuti ndalama, malinga ndi akatswiri ambiri a zinenero, linachokera ku darahim ya Chiarabu, imene nayo inachokera ku drachma ya Agiriki, ndipo m'Chishona ndarama ndi golide. Mayi wogulitsa usipa pa msika wa ku boma amatchula tsiku lililonse liwu limene linayambira ku nyanja imene Aetruria ankachitako malonda. Chuma cha m'njira imeneyi tisachikometse. Chimene chinkapita kugombe ndi minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo anali Anyanja a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yomweyi. Mawu okoma aja ndi magoli a akapolo zinkadutsa njira imodzi.

Chomaliza chimene Aetruria anatisiyira chili m'manja mwa mwana aliyense wa sitandade 1. Zilembo zimene tikulembera Chichewa zinadzera kwa iwo. Anaziphunzira kwa Agiriki amene anakhazikika kum'mwera kwa Italy m'zaka za m'ma 700 BC, ndipo ku Marsiliana kunapezeka kathabwa ka mnyanga wa njovu ka nthawi imeneyo kolembedwa zilembo 26 mondondozana m'mphepete mwake. Chilembo chachitatu cha Agiriki, gamma, chinkaimira g. M'chinenero cha Aetruria munalibe g, choncho anachigwiritsa ntchito polemba k. Aroma anachilandira chili choncho, n'kumalemba C pa k ndi pa g pomwe, mpaka m'zaka za m'ma 200 BC pamene anawonjezera kamzere pa C n'kupanga G. N'chifukwa chake alifabeti yathu imati A, B, C pamene ya Agiriki imati alpha, beta, gamma. Chilembo chomwecho chitafika kuno ndi amishoni chinapatsidwa ntchito inanso. Ku Zambia mabuku a sukulu amalemba Cinyanja ndi c yekha, pamene ku Malawi, kumene dzina la chinenero linasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968, timalemba ch. Ndipo kum'mwera kwa nyanja kuno zilembo za Aroma zinapezana ndi zina, pakuti mafumu monga Makanjira ankasunga alembi olemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu.

Aetruria anasiya zolembedwa zikwizikwi koma olankhula chinenero chawo anatha. Ife zathu n'zosiyana: olankhula Chiyao ndi Chinyanja alipo, odziwa chiyambi cha mayina alipo, chimene chikuchepa ndi zolembedwa. Pafupi ndi Chembe pali thanthwe lotchedwa Mwalawamphini. Mizere yake inang'ambika yokha chifukwa cha dzuwa ndi mvula, koma amene analitcha dzina anaona mphini, zija ankatema pankhope ndi pathupi. Mwambo wotema mphini zokongoletsa ukutha, ndipo posachedwa dzinali lidzafuna womasulira. Mayina otere alipo mazanamazana pa madooko, madambo, zitsime, timapiri ndi mitsinje youma, ndipo m'mbali mwa nyanja ambiri akuphimbidwa ndi mayina a malo ogona alendo ndi a masiteji a minibasi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Chichewa ndi a mbiri m'sukulu za kwa Chowe, kwa Jalasi, kwa Mponda ndi kwa Nankumba. Tumani ophunzira anu kwa agogo awo akafunse mayina a malo a m'mudzi mwawo, chinenero chimene dzina lililonse linachokera ndi nkhani imene imanenedwa pa dzinalo. Akalembe monga mmene agogowo atchulira, ngati anena kwa alembe kwa, ngati anena ku alembe ku. Nkhani zikasiyana alembe zonse, asasankhe yokoma yokha. Ndipo inu olima m'mbali mwa nyanja, khasu likatukula phale la mizere yachilendo musaliponye kuthengo. Sungani, kumbukirani pamene mwalipeza, ndipo mukatsikira ku boma kalionetseni ku Lake Malawi Museum.